Dishi ya miyendo itatu

Sabata yatha mnzanga wina wa kuhositelo anandionetsa kakanema pafoni yake. Kanali ka bambo wina wa ku America amene ali ndi galimoto ija yokhala ngati nyumba, ya bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati momwemo, imene amapita nayo kukagona kutchire pa holide. Bamboyo ankaonetsa mmene anapangira choimikapo dishi chonyamulika, cha miyendo itatu, kuti akakaima m'mbali mwa nyanja azionera mpira bwinobwino. Mnzangayo ankafuna kuti tiseke limodzi mavuto a anthu olemera. Ndinasekadi, koma chinandiseketsa ine n'china. Chinthu chomwecho chili kwathu ku Chikwawa, kuseri kwa chitseko cha atsibweni anga, ndipo ndinathandiza nawo kuchipanga. Nafenso timakagona kumisasa. Kungoti ife tsiku lonyamuka amatisankhira ndi madzi.

Kwathu ndi kufupi ndi Nchalo, m'dera limene mtsinje wa Mwanza umadutsa popita kukathira mu Shire. Bambo anga anamwalira ndili Sitandade 6, ndipo monga mwa chikhalidwe chathu cha Chimang'anja, atsibweni ndiwo anatenga udindo wa sukulu yanga. Iwo alibe ntchito yolembedwa. Ali ndi dimba, mbuzi zingapo, ndi chisakasa cha bango chokhala ndi mabenchi asanu ndi atatu, mmene anthu amalipira pakhomo kuti aonere mpira ndi mafilimu. Yunifolomu yanga ya ku sekondale, ndalama ya mayeso a MSCE, ngakhale chikwama chimene ndinabwera nacho kuno ku Blantyre, zonse zinachokera m'chisakasa chimenecho. Choncho ndikamanena za dishi, musaganize za munthu wokhala pasofa ndi rimoti m'manja. Kwa ife dishi ndi khasu.

Mu Januwale 2022 ndinali kumudzi, nditamaliza Fomu 4. Aliyense amene amatsatira mpira akukumbukira mwezi umenewo. Flames inali ku Cameroon ku AFCON. Inagonja kwa Guinea, inagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, kenaka inafanana mphamvu ndi Senegal 0-0, n'kudutsa m'magulu koyamba m'mbiri ya dziko lino. Lachiwiri pa 25 Januwale imayenera kukumana ndi Morocco. Atsibweni analemba masewerowo ndi choko pabolodi la panja kudakali masiku anayi, anabwereka mabenchi ena kutchalitchi, ndipo anali atawerengera kale kuti ndalama ya usiku umenewo igula chiyani.

Lolemba pa 24 namondwe Ana anafika. Mvula inagwa usana wonse osapuma, ndipo usiku madzi analowa m'mudzi mofulumira kuposa mmene akuluakulu ankawadziwira. Tinanyamula TV, dikoda ndi batire pamutu. Dishi inali yomangidwa ndi mabawuti anayi pamwamba pa khoma la zidina, ndipo kuti uimasule pankafunika makwerero, sipanala ndi tochi. Madzi ali m'mawondo palibe amene amafunafuna sipanala. Tinaisiya. Khomalo linagwa nayo, ndipo titabwerera patapita masiku tinaipeza m'matope itapindika ngati chipewa chimene wina wachikhalira.

Chigoli chija cha Gabadinho cha pamphindi 7, chimene anamenya ali kutali kwambiri ndi golo mpaka dziko lonse la mpira linachikamba, ife tinachimva pa kawailesi ka mabatire m'kalasi ya pulayimale mmene tinathawira, anthu oposa makumi asanu titaunjikana ndi zovala zonyowa. Sitinali tokha osaona. Madzi omwewo anaononga damu la Kapichira pa Shire, kumtunda kwa boma la Chikwawa, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo magetsi anazima m'madera ambiri. Morocco inapambana 2-1. Atsibweni sanalankhule usiku wonse, ndipo ine ndinkadziwa kuti sakuganiza za Hakimi.

Zinawatengera miyezi inayi ndi mbuzi ziwiri kuti agule dishi ina. Tsiku limene anabwera nayo pa kabaza anandiitana n'kundiuza kuti, "Mphwanga, iyi sindiimangiriranso pachinthu chosayenda. Madzi saiwala khwawa. Akadzabweranso, idzanyamuke nafe." Ine ndinali ndi Physics ya Fomu 4 m'mutu ndi nthawi yambiri yodikira kusankhidwa ku yunivesite. Iwo anali ndi mnzawo wowotcherera zitsulo pa Nchalo. Tinayamba.

Kuti mumvetse chifukwa chake ntchitoyi si yongozika mtengo pansi, muyenera kudziwa chimene dishi imayang'ana. Setilaiti ya TV ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 35,786 pamwamba pa equator. Pamtunda umenewo imazungulira dziko pa nthawi yofanana ndi imene dziko limazungulira palokha, n'chifukwa chake kwa ife imaoneka ngati yaima malo amodzi. Imene dikoda yathu imagwira ndi ya Eutelsat, ili pa madigiri 36 kum'mawa. Chikwawa ili pafupi ndi madigiri 35 kum'mawa ndi 16 kumwera, ndiye setilaitiyo ili cha kumpoto kwenikweni, m'mwamba ndithu, pafupifupi madigiri 71 kuchokera pansi. Dishi ya masentimita 90 imaona kachigawo kakang'ono kwambiri ka thambo, ka madigiri awiri kapena atatu basi. Ikasuntha pang'ono, ngati kukula kwa chala, chithunzi chimayamba kuduka timabokosi, kenaka n'kuzimiratu. Pakhoma imakhazikika chifukwa khoma silisuntha. Ife tinkafuna chinthu chokhazikika ngati khoma koma chonyamulika ngati mtolo wa nkhuni.

Choyamba chimene tinapanga chinali rimu ya galimoto yothiridwa simenti, paipi ili pakati. Inakhazikika bwino kwambiri, moti anthu awiri tinkavutika kuikweza pangolo. Azakhali, akazi awo a atsibweni, anaiyang'ana n'kufunsa ngati tikufuna kudzamira nayo limodzi. Lero amakhalira pomenya nyemba.

Chachiwiri chinali cha miyendo itatu ya zitsulo za bedi lakale, chachitali kufika pamutu panga, chifukwa tinkaganiza kuti dishi iyenera kukhala m'mwamba ngati mmene imakhalira pamakoma a anthu. Mu Julayi mphepo ya mwera inachigwetsa masana dzuwa likuswa mtengo. Mwamwayi dishi inagwera pamulu wa mapesi, sinapindike. Dishi ikapindika ngakhale pang'ono imakhala yatha, chifukwa ntchito yake ndi kusonkhanitsa mafunde onse pamalo amodzi pamene pali LNB, kachida kaja kokhala kumapeto kwa mkono. Apa m'pamene ndinazindikira chinthu chimene chikuoneka chapafupi lero. Ngati setilaiti ili pamtunda wa makilomita oposa 35,000, kukweza dishi ndi mita imodzi sikuiyandikizitsa. Anthu amaikweza pakhoma poopa ana, mbuzi ndi akuba, komanso kuti nyumba ndi mitengo zisaitchinge. Kwathu kuno setilaiti ili m'mwamba kwambiri moti sichitchingika wamba, pokhapokha utaima pansi pa mtengo penipeni. Choncho tinachidula.

Chachitatu ndicho chilipo mpaka pano. Paipi ya pakati imafika m'chiuno. Miyendo itatu imamangidwa ndi bawuti imodzi imodzi, ndipo ukamasula imapindikira ku paipi ngati ambulera. Tinasankha itatu chifukwa chinthu cha miyendo itatu sichigwedera pamalo osalingana, monga mmene mafuwa atatu amagwirira mphika paliponse. Phazi lililonse lili ndi kachitsulo kafulati kobowola, kokhomerapo chikhomo. Mapazi awiri ali ndi bawuti yaitali imene ukaipotokola mwendo umakwera kapena kutsika, kuti paipi iime chilili. Levulo tinalibe, ndiye tinamangirira chingwe ndi nati pamwamba pa paipi: chingwe chikatsika motsatana ndi paipi mbali zonse, yaima bwino. Kulemera kumene rimu ija inkapereka tinakupeza m'njira ina. Pansi pa paipi pali ngowe yokolekapo chigubu cha malita 20. Umachinyamula chopanda kanthu, ukafika n'kuthiramo madzi, n'kukhala makilogalamu 20 okokera chinthu chonse pansi. Kumene timathawira chimasowa chakudya, koma madzi ndiye sasowa.

Nzeru yomaliza inali ya atsibweni. Titaigwira siginolo bwino tsiku loyamba, anatenga penti yofiira n'kulemba mzere pa chitsulo chokwezera ndi kutsitsira dishi, ndi mzere wina pa khosi la LNB. Anati ngati paipi yaima chilili, mizere imeneyo sisintha, kaya tili kumudzi kaya tasamukira makilomita khumi. Chotsala n'kungoitembenuza kumanja kapena kumanzere mpaka dikoda ilire. Ankalondola. Polumikizira waya tinakulunga ndi mphira ya chubu cha njinga kuti madzi asalowe. Tinayeserera kumasula ndi kumanga kangapo pabwalo, ana akutiseka, mpaka tinkatha kupinda zonse n'kumangirira pa keriya ya njinga nsima isanapse.

Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy. Pano ndinene zoona: chenjezo silinabwere pa dishi. Linabwera pa wailesi, kuchokera ku nthambi yoona za nyengo, ndiponso kwa anthu a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi amene ankayenda ndi chimkuzamawu. Ulendo uno sitinadikire kuti madzi atipeze. Tinanyamuka masana, pangolo ya mnansi wathu imene mabanja atatu tinagawana malo.

Pangolo pamenepo m'pamene panabuka mkangano umene mpaka lero sunathe m'nyumba mwathu. Malo athu anali ochepa. TV, batire, sola ndi dishi ndi choimikira chake zinatenga malo a matumba awiri a mapira. Azakhali ankafuna mapira. Atsibweni ankafuna zida. Anakangana mvula ikuwagwa, ndipo pomaliza matumbawo tinawakweza pa phaka la nyumba n'kuwasiya. Titabwerera tinapeza anyowa, ena amera, ena aola. Azakhali akafuna kuwapweteka mtima atsibweni amangoti, "Ana anu akadya mpira." Sindinganene kuti akulakwa. Masabata oyamba kumsasa tinkadya kamodzi patsiku, ndipo mapira aja akanatithandiza.

Tinakhala pasukulu ina ya pulayimale yomwe ili pamalo okwera. Mvula italeka, atsibweni anasankha malo pabwalo, kutali ndi mthunzi wa mitengo ya nimu kumene aliyense ankafuna kukhala. Kampasi tinalibe, foni yanga inali itazima. Iwo anadikira mpaka 12 koloko itatsala pang'ono kukwana, anayang'ana kumene kuli dzuwa, n'kuti dishi iyang'ane komweko. Kenaka ine ndinayamba kuitembenuza pang'onopang'ono, iwo ali pa TV akukuwa manambala. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ukafulumira umaidutsa siginolo dikoda isanaimve n'komwe. Patapita mphindi ngati khumi chithunzi chinabwera. Kuno ku yunivesite ndi kumene ndadzamvetsa chifukwa chake njira yawo inagwira. Chakumapeto kwa Malichi dzuwa limakhala pamwamba pa equator, ndiye kwa munthu wa ku Chikwawa limadutsa masana pafupi kwambiri ndi pamene pali setilaitiyo. Iwo analibe mawu ofotokozera zimenezi, anangoziona pa zaka zimene akhala akukonza madishi.

Chimene tinaona usiku woyamba si mpira. Tinaona Chilobwe. Tinaona matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche, anthu akukumba ndi makasu kufunafuna abale awo. Kufikira nthawi imeneyo ife tinkaganiza kuti tsokali ndi lathu lokha la kuchigwa, monga mwa masiku onse. Panali mayi wina amene mwana wake ankachita lendi ku Chilobwe komweko. Mafoni sankagwira, msewu wa M1 unali utaduka. Mayiyo ankakhala kutsogolo penipeni nthawi ya nkhani iliyonse, kuyang'ana nkhope za anthu a m'misasa ya ku Blantyre. Sanamuone mwana wakeyo pa TV. Anadzamva mawu ake patapita masiku, pafoni imene inatchajidwa pa batire lomwelo. Pa TV pomwepo ndi pamene tinamva Pulezidenti Lazarus Chakwera atalengeza masiku 14 olira maliro, ndi kuti anthu amene anasowa pokhala m'chigawo cha kumwera anapitirira 600,000.

Madzulo ana ankaonera makatuni kwa ola limodzi, batire likalola. Zingaoneke zazing'ono, koma msasa wa ana mazana opanda sukulu, wozunguliridwa ndi madzi osefukira mmene ng'ona zimayenda momasuka, ola limene mayi akudziwa pamene pali mwana wake ndi lamtengo wapatali. Atsibweni sankalipiritsa nkhani kapena makatuni. Mpira wa ku England ankalipiritsa theka la mtengo wa kumudzi, kwa amene anali nayo. Pa 28 Malichi msasa wonse unaonera ulere Flames ikukwapulidwa 4-0 ndi Egypt pa Bingu National Stadium. Anthu anatukwana osewera, anatsutsana za kochi, ena ananyanyala chigoli chachitatu chitalowa. Kwa maola awiri amenewo ndinaona anthu akukwiya ndi chinthu china osati madzi, ndipo ambiri anakagona akuseka.

Tsiku lina kunabwera anthu olemba maina a oyenera kulandira thandizo. Mmodzi wa iwo ataona dishi pabwalo ananena mokweza kuti, "Anthu a madishi akufunanso ufa?" Anzake anaseka. Usiku umenewo atsibweni anandifunsa ngati kuli bwino tiipinde, tiibise m'kalasi mpaka kulemba kuthe. Ankaopa kuti dzina lawo lichotsedwa, ndipo mwina msasa wonse uoneka ngati wa anthu osavutika. Tinaipinda. Inakhala pansi pa mabenchi masiku atatu, ndipo ana ankabwera kudzafunsa ngati yafa.

Mawu a munthu uja ndi amene andichititsa kulemba nkhaniyi, chifukwa ndimawamvanso kuno m'njira zina. Tili ndi chithunzi m'mutu cha mmene munthu wovutika ayenera kuonekera: wopanda kanthu m'manja, wokhala chete, wodikira. Akapulumutsa chinthu chimodzi chimene chingamudzutse mawa, timamuona ngati wonama. Koma taganizani. Mlimi akathawa ndi khasu lake palibe amene amati sakufunika ufa. Mayi akathawa ndi makina ake osokera timamuyamikira kuti ndi wochenjera. Atsibweni anataya nyumba, chisakasa, mbewu za m'dimba ndi mapira aja. Chimene anapulumutsa ndi chida chawo cha ntchito, ndipo chifukwa cha chimenecho anayambanso kupeza ndalama patangotha milungu iwiri titabwerera, pamene pambuyo pa Ana anakhala miyezi inayi. Munthu wotere amachoka msanga pamndandanda wa olandira thandizo. Ndinkayembekezera kuti olembawo akondwera naye.

Funso lina limene anzanga a kumtunda amandifunsa ndi lakuti, bwanji osangosamuka? Madzi anabwera mu 2015, mu 2019 ndi Idai, mu 2022, mu 2023. Funsoli ndi lomveka, ndipo pali midzi ina, makamaka cha ku Makhanga ku Nsanje kumene Ruo imakumana ndi Shire, imene kukhalamo kwafika poika moyo pachiswe. Koma amene amafunsa kawirikawiri sadziwa kuti chigwa chathu chimalandira mvula yochepa ndipo kumatentha kupitirira madigiri 40 mu Okutobala. Munda wa kumtunda ukhoza kukupatsa mapesi okhaokha. Dimba la kumunsi, limene madzi osefukira amasiyamo dothi lachonde ndi chinyezi, ndi limene limabereka chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe. Malo okwera nawonso ali ndi eni ake. Kuzungulira Nchalo kuli minda ya nzimbe, kuli nkhalango ya Lengwe, kuli midzi ya anthu ena. Mabanja ambiri amene anapatsidwa malo kumtunda amagona kumeneko koma amalimabe kumunsi. Kwa zaka zikubwerazi anthu a kwathu akhalabe oyenda pakati pa malo awiri, kaya tifune kaya tisafune.

Ngati zili choncho, ife amene tikuphunzira za uinjiniya tili ndi ntchito imene sitikuiona. M'kalasi timaphunzira kupanga zinthu zokhazikika, za maziko akuya, zoti zikhale zaka 50 pamalo amodzi. Zimenezo n'zofunika pa milatho ndi madamu. Koma munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje akufunikanso zinthu zimene angazimasule ndi manja mu mdima: sola yochotseka padenga popanda makwerero, nkhokwe ya chitsulo yokwera pangolo, chigayo chaching'ono cha mateyala, khola la nkhuku lonyamulika. Bambo wa ku America uja ali ndi masitolo athunthu omugulitsa zinthu zopinda chifukwa amakonda kuyenda. Ife amene timayenda mokakamizidwa timapanga tokha ndi zitsulo za bedi.

Sindikunena kuti choimikira dishi chathetsa vuto lililonse. Sichinaletse madzi, sichinabweze mapira a azakhali, ndipo pa chenjezo la ngozi kawailesi ka mabatire kamaposa dishi kutali. Chinangochititsa kuti banja limodzi lisayambirenso pa ziro kachiwiri, ndipo fizi yanga ya chaka choyamba inachokera pamenepo.

Mwezi watha atsibweni anandiimbira foni. Anati apaka girisi mabawuti onse monga amachitira mvula ikamayandikira, koma msana wayamba kuwavuta, ndipo choimikiracho akuchimva kulemera akamachikweza panjinga. Anandifunsa ngati kusukulu kuno kulibe chitsulo chopepukirapo. Ndinawauza za aluminiyamu, ndi kuti wowotcherera wawo wa pa Nchalo sangaigwire ndi makina amene ali nawo, ndiye tiyenera kumanga ndi mabawuti okhaokha. Anati ndijambule papepala ndibwere nazo pa holide. Azakhali anali pafupi, ndipo ndinawamva akukuwa kuti ndikajambulenso chonyamulira mapira.